Ndege Yaing'ono Ikalephera Kutera Koyamba, Musakuwe

Moni nonse owonera! Lero tikukamba za ndege zazing'ono za mipando inayi ngati Cessna 172. Mmenemu mulibe wantchito wokuonetsani kamangidwe ka lamba. Udindo umenewu ndi wa woyendetsa, ndipo ku America lamulo limamukakamiza kutero ndege isananyamuke. Akaiwala, mufunseni. Tiyeni tithamange.

Choyamba, lamba. Wam'chiuno akhwime pa mafupa, osati pamimba. Wapaphewa musamulowetse kukhwapa, ndi amene amaletsa nkhope kumenya mawotchi a kutsogolo.

Chachiwiri, mpando. Umayenda pa kanjanji, ndiye ugwedezeni mpaka mumve kuti wakola. Ukatsetsereka ndege ikunyamuka, munthu amagwira chomwe chili pafupi, ndipo chomwe chili pafupi ndi chiwongolero, poti inunso muli nacho kutsogolo kwanu. Mapazi atalikire mapedulo.

Chachitatu, chitseko. Ndege ina yaing'ono, Piper Cherokee, ili ndi chimodzi chokha, kumanja, choncho mukakhala kutsogolo anthu onse adalira dzanja lanu. Buku la Cessna 172 limati potera mwangozi, loko amasulidwe ndege isanagunde pansi, chifukwa ikapindika chitseko chimakanirira. Zimenezi muchite woyendetsa akanena, osati mwa nzeru zanu.

Dinani subscribe kaye, n'zaulere.

Tsopano bodza limene limandinyansa. Akuti ndege ikafika pansi n'kukweranso, ndiye kuti yawonongeka kapena woyendetsayo ndi mbuli. Ayi ndithu! Oyendetsa amati go-around, ndipo wophunzira aliyense amaiyeserera asanaloledwe kuuluka yekha.

Tamverani. Cessna 172 imayandikira bwalo pa liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola. Ikathamanga kuposa apo, mapiko amakana kusiya mpweya, ndege n'kumangoyandama bwalo likutha. Woyendetsa wopupuluma amakankha chiwongolero kuti aikakamize. Tayala lakutsogolo, lomwe ndi lofooka kuposa awiri aakuluwo, limayamba kugunda ndi ilo. Ndege imanjanja, mphuno igwenso, injanjenso kwambiri. Mapeto ake mwendo wakutsogolo wathyoka, pulopela yakumba dothi, mwina ndege yagadabuka. Ngozi zambiri za ndege zazing'ono zimachitika potera, ngakhale kuti zambiri mwa izo siziphetsa anthu. Mankhwala ake? Kupatsa injini mphamvu zonse, kukwera, kuzungulira, n'kubweranso bwinobwino. Mphindi zochepa basi.

Zifukwa zina ndi mphepo yowomba cham'mbali, ndege ina yomwe sinachoke panjira, kapena nyama. Mabwalo akutchire ngati la Chelinda ku Nyika, mbidzi sizidziwa ndandanda ya maulendo anu. Ndiye injini ikalira mwadzidzidzi, musagwire mkono wa woyendetsa, musamufunse kuti "chavuta n'chiyani, bwana?" Manja ake atanganidwa, akubweza ma flap (zigawo zakumbuyo kwa mapiko zimene amazitsitsa potera) pang'onopang'ono, chifukwa akawabweza onse kamodzi ndege imatitimira. Amene munakumanapo nazo, lembani m'makomenti.

Chachinayi, tinafika pachinayi eti? Chete potera, pokhapokha mwaona ndege ina kapena chinthu panjira. Pamenepo lozani, nenani.

Chachisanu, musatsike injini isanazime, ndipo mukatsika musadutse kumphuno. Pulopela ikamazungulira sioneka.

Sabata yamawa tikambirana za kulemera kwa katundu, chifukwa chake amakufunsani makilogalamu anu. Dinani kabelu kaja kuti isakuphonyeni.