Msana Wokhota mwa Ana: Opaleshoni Imatha Tsiku Limodzi, Kuchira Kumatenga Chaka

[Pa sikirini: chithunzi cha X-ray, msana wopindika ngati chilembo cha S]

Moni nonse. Pa 12 Okutobala 2018, Princess Eugenie wa ku Britain anamanga ukwati ku Windsor atavala diresi loonetsa msana. Anachita dala. Ankafuna kuti anthu aone chipsera cha opaleshoni imene anachitidwa ali ndi zaka 12 ku Royal National Orthopaedic Hospital ku Stanmore. Opaleshoniyo inatenga maola 8. Vuto lake madokotala amalitchula kuti scoliosis, kutanthauza kukhotera m'mbali kwa msana.

Nthawi zambiri limatulukira mwana akamasinkhuka, ndipo limakula kwambiri mwa atsikana. Mwa ana pafupifupi 8 pa 10 alionse, choyambitsa sichidziwika. Si chikwama cha mabuku, si kukhala mopendekeka, ndipo azakhali asalozedwe chala. Nthawi zambiri poyamba sizipweteka n'komwe. Mayi amangoona kuti siketi ya yunifomu ikulendewera mbali imodzi, n'kumadandaula kuti telala anaidula molakwika.

[Pa sikirini: mwana awerama, manja alendewera]

Muuzeni mwana awerame chonchi, inu muime kumbuyo kwake. Nthiti za mbali imodzi zikatukuka kuposa zinzake, pitani naye kuchipatala. Kumeneko amayeza kukhotako pa X-ray, mwa njira imene dokotala John Cobb analongosola mu 1948. Kukapitirira madigiri 10, ndi scoliosis. Pa madigiri 25 mpaka 40, mwana amene akukulabe amavekedwa chomangira thupi cha pulasitiki. Kukafika 45 kapena 50, nkhani ya opaleshoni imayamba. Koma linunda losongoka, mwana akuonda komanso akutentha thupi, ndi nkhani ina: kwathu kuno kawirikawiri imakhala TB ya msana, imene imafuna mankhwala a TB msanga.

Kuthiyeta, dokotala amamangira masikuluwu m'mafupa a msana, n'kulowetsa zitsulo ziwiri zowongolera, kenako amayala tizidutswa ta fupa pamwamba pake. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Zitsulozo si zimene zimachiza. Zili ngati mapolo amene amisiri amachirikizira linta podikira kuti simenti igwire. Chofunika n'choti mafupa aja amere n'kukhala fupa limodzi, ndipo zimenezi zimatenga miyezi 6 mpaka 12. Kusiyana kwake n'koti mapolo amachotsedwa, pamene zitsulozi nthawi zambiri zimakhala momwemo moyo wonse.

Kale zinali zowawa kuposa pano. Dokotala Paul Harrington wa ku Houston ku America anapanga chitsulo chake m'ma 1950 pofuna kuthandiza ana opuwala ndi poliyo, koma odwala ankakhala miyezi yambiri m'chikhakha chokuta thunthu lonse. Njira ya madokotala a ku France, Cotrel ndi Dubousset, itabwera m'ma 1980, chikhakha chinayamba kusiyidwa. Lero mwana amadzutsidwa kuti ayende tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala sabata isanathe, atatalikirako masentimita angapo.

[Pa sikirini: sopo wagwa pansi m'bafa]

Kunyumba ndiye kuli ntchito. Malamulo ndi atatu: osawerama, osapotokola thupi, osanyamula zolemera. Kumva kwake n'kosavuta, koma taganizirani sopo uyu. Mwana ayenera kunjuta msana uli chilili kuti amutole. Podzuka pabedi amagubuduzika thupi lonse pamodzi ngati chipika, kenako n'kudzikankha ndi mkono. Tsache lathu lalifupi lija, ndowa ya pamutu, kubereka mng'ono wake, zonse ziyambe zaima. Mankhwala opha ululu amadzimbitsa m'mimba, chilakolako cha chakudya chimachepa, ndipo khungu la m'mbali mwa bala limatha kuchita dzanzi kwa miyezi.

Kusukulu amabwerera pakatha masabata 4 kapena 6. Ine ndimaona kuti nyengo yovutitsitsa ndi yotsatirayo, chifukwa bala lapola, mwana akuyenda bwinobwino, ndiye achibale amayamba kunena kuti, "Iwe wachira, ukungochita ulesi." Pomwe m'katimo fupa likadali laliwisi. Iye akutopa msanga pa benchi yopanda choyedzamira, bampu iliyonse ya mu minibasi akuimva mpaka m'khosi, ndipo anzake akamasewera netibo, iye amakhala pambali n'kumawasungira nsapato mpaka dokotala adzaone X-ray yotsatira.