Mawa ndi m'mawa, dzulo ndi madzulo

Zikomo amayi ndi abambo, agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno, ndi inu achinyamata kumbuyoko. Mukundimva bwinobwino kumeneko? Chabwino, tiyambepo.

Lero ndabwera ndi kamawu kakang'ono, ka zilembo zinayi zokha: mawa. Amene munaphunzirako malamulo a Chichewa kusukulu mukukumbukira kuti mawu otere timawatchula kuti muonjezi, chifukwa amaonjezera tanthauzo pa mneni. Ndikati "ndibwera", mwamva kuti ndibwera. Ndikati "ndibwera mawa", mwadziwanso tsiku loti mundidikire. Ntchito yake ndi yomweyo. Ndiye munthu angaganize kuti kumasulira mawu amenewa m'chinenero china n'kosavuta, ungotsegula mtanthauziramawu n'kutola mnzake. Ine ndinkaganizanso choncho mpaka tsiku lina pamene ndinachita manyazi.

Ndinali ndi mnzanga wina wolankhula Chibemba, ndipo tinkagwirira limodzi ntchito yomasulira. Chibemba ndinkangochitola apa ndi apo. Tsiku lina ndinamufunsa za kalata ina imene tinkayembekezera, iye n'kundiyankha mwachidule, ndipo pa zonse zimene ananena ine ndinagwirapo liwu limodzi: mailo. Ndinali nditaphunzira kale kuti mailo ndi mawa. Basi ndinakhala phee kudikira kuti kuche. Kutacha ndikumufunsa, iye akundiyang'ana modabwa, amvekere, "Kodi si ndinakuuzani kuti inafika kale? Ili pa tebulo lanu kuyambira dzana." Kalata ija inali pansi pa mabuku anga. Mailo uja anali dzulo.

(kuseka)

Musaseke kwambiri, chifukwa mnzangayo sanalakwitse. M'Chibemba liwu loti mailo limaimira dzulo, limaimiranso mawa. Ndipo Chibemba sichili chokha. M'Chilingala cha ku Congo amati lobi, dzulo ndi mawa lomwe. M'Chinyarwanda amati ejo, ndipo akafuna kuti pasakhale kukayika amaonjezera: ejo hashize ndiye dzulo, ejo hazaza ndiye mawa. Tikawoloka nyanja kupita ku India, m'Chihindi amati kal. Kalembera wa dzikolo wa mu 2011 anapeza anthu oposa 300 miliyoni amene anati Chihindi ndicho chinenero chawo chobadwa nacho. Anthu onsewo amapangana maulendo, amakwera sitima, amapita kukhoti pa tsiku loyenera, pogwiritsa ntchito liwu limodzi pa masiku awiri. Alinso ndi lina, parson, limene limaimira dzana ndi mkuja womwe.

Ndikuona agogo akupukusa mutu kuti zingatheke bwanji. Zimatheka chonchi. Kwa iwo liwulo silinena kuti kumbuyo kapena kutsogolo. Limangonena mtunda: tsiku limodzi kuchokera pa lero. Amene amaloza mbali ndi mneni. Mhindi akati main kal aaya tha, mneniyo ali m'nthawi yakale, ndiye kuti "ndinabwera dzulo". Akati main kal aaunga, mneniyo ali m'nthawi yam'tsogolo, ndiye kuti "ndidzabwera mawa". Vuto langa tsiku lija linali loti ndinamvera muonjezi n'kusiya mneni. Ndinagwira mchira, mutu n'kuusiya.

Tsono tadziyang'aneni nokha. Ife tikamati "ndinabwera dzulo", nthawi yakale tainena kawiri, mu -na- uja ndiponso mu dzulo. Tikati "ndidzabwera mawa", tainenanso kawiri, mu -dza- ndi mu mawa. Mbemba akanatifunsa kuti n'chifukwa chiyani timabwereza zomwezomwezo, sindikudziwa kuti tikanamuyankha chiyani. Ineyo ndimaona kuti njira yawo ili ndi nzeru zake, ngakhale inandigwetsa.

Izi si za ku Africa ndi India kokha ayi. M'zaka za m'ma 300, bishopu wina dzina lake Wulfila anamasulira Baibulo m'chinenero cha anthu otchedwa Goths, chimene chinatha kalekale koma chinali pachibale ndi Chijeremani ndi Chingerezi. Pa Mateyu 6:30, paja akunena za udzu wakuthengo umene ulipo lero koma mawa uponyedwa pamoto, pa malo a mawa iye analemba gistradagis. Liwu limenelo ndi la mtundu umodzi ndi gestern wa Chijeremani ndi yesterday wa Chingerezi, amene lero amatanthauza dzulo. Tsinde limodzi, ena analitengera kutsogolo, ena kumbuyo.

Tiyeni tibwerere kwathu pang'ono, chifukwa apa m'pamene pali chimene chimandisangalatsa kwambiri. Tanenani nonse: mawa. Tsopano nenani: m'mawa. Mwamva? Nenaninso: dzulo. Kenako: madzulo. Timawanena tsiku ndi tsiku osaima n'kudabwa. Tsiku likubweralo tinalipatsa dzina la nthawi imene dzuwa limatuluka, ndipo tsiku lapitalo tinalipatsa dzina la nthawi imene dzuwa limalowa. Ndipo ndi zomveka. Chinthu choyamba chimene udzaone pa tsiku la mawa ndi m'mawa wake. Chinthu chomaliza chimene unaona pa tsiku la dzulo ndi madzulo ake. Makolo athu analibe wotchi pamkono, koma anali ndi maso.

Chodabwitsa n'choti anthu amene sanakumanepo ndi makolo athuwo anaganiza chimodzimodzi. Achishona amati mangwana, mawa, ndi mangwanani, m'mawa. Azulu amati kusasa, kuchokera ku ukusa, kumene ndi kucha kwathu komweku, ndipo m'mawa amati ekuseni. Mwina muti amenewo ndi abale athu, zinenero zathu zinachokera kumodzi. Chabwino, tipite kutali. Mjeremani amati morgen, liwu limodzi pa mawa ndi m'mawa, kusiyana kwake n'koti akamalemba m'mawa amayamba ndi chilembo chachikulu. Wolankhula Chisipanishi amati mañana pa zonse ziwiri, moti akafuna kunena "mawa m'mawa" amati mañana por la mañana. Mjeremani safuna kubwereza, ndiye amazemba n'kunena morgen früh, kunena kuti mawa molawirira. Mpwitikizi amati amanhã ndi manhã. Demain wa Chifalansa ndi domani wa Chitaliyana anachokera ku mawu awiri a Chilatini, de mane, ndipo mane ndi m'mawa. Ngakhale tomorrow amene ana athu amaloweza kusukulu uja, morrow ali mkatimo ndi m'bale wake wa morning. M'Chiarabu cholankhulidwa m'mayiko ambiri amati bukra, liwu limene kale linkanena za m'bandakucha. Ashita wa Chijapani nayenso poyamba ankatanthauza m'mawa. Atchaina amati míngtiān, kunena kuti tsiku lowala.

Za dzulo nazonso zilipo, ngakhale si zambiri chotero. Mrasha amati vchera, dzulo, ndi vecher, madzulo. Ku Lithuania amati vakar ndi vakaras. Ndi dzulo ndi madzulo wathu yemwe uja, atavala malaya ena.

Pali kamsampha kena kamene ndikufuna achinyamata amene mukufuna kudzakhala omasulira mukadziwe. Zinenero zapachibale n'zimene zimapusitsa kwambiri, chifukwa umamva liwu lodziwika n'kumasuka. Ku Poland jutro ndi mawa. Ku Serbia ndi ku Croatia jutro yemweyo ndi m'mawa, ndipo popatsana moni wa m'mawa amati dobro jutro. Pafupi pomwe pano, Mswahili akati jana, khutu la Mchewa limamva dzana. Koma jana ndi dzulo. Dzana wathu iwo amati juzi. Ukamasulira ndi khutu lokha, wasuntha nkhani yonse ndi tsiku lathunthu, ndipo ngati ndi umboni wa mlandu, tsiku limodzi limenelo likhoza kumangitsa munthu wosalakwa. Ndipo inu a Chiyao muli pano, tandithandizeni, mawa mumati chiyani?

(mawu kuchokera pagulu: Malaŵi!)

Mwamvatu. Mlendo womva zimenezo koyamba angaganize kuti mukutchula dziko.

Tsopano mbali ina. Zinenero zimasiyananso pa kuchuluka kwa masiku amene zinawapatsa mayina. Ife tili ndi dzana, dzulo, lero, mawa, mkuja, ena mumati mkucha. Masiku asanu, liwu limodzi limodzi. Chingerezi, chimene ena amachiona ngati cholemera kuposa zonse, chili ndi atatu okha. Chikafika pa mkuja chimayamba kufotokoza, the day after tomorrow, mawu anayi pa chinthu chimene mwana wa zaka zinayi kuno amachinena ndi liwu limodzi. Chijeremani chili nawo: übermorgen ndi vorgestern. Chijapani chimapitirira, asatte ndiye mkuja, shiasatte ndiye tsiku lotsatira. Ndiye mukamamva wina akuti Chichewa n'chosauka mawu, mudzimufunsa kuti m'mbali iti.

Atchaina pa nkhani ya dzana ndi mkuja amatitembenuza mutu. Dzana amati qiántiān, kunena kuti tsiku lakutsogolo, pamene mkuja amati hòutiān, tsiku lakumbuyo. Kwa ife zamveka zozondoka, chifukwa timati "m'mbuyomu" tikamanena zakale ndi "m'tsogolo" tikamanena zimene zikubwera. Koma taganizani masiku ngati anthu oyenda pa mzere. Amene anadutsa kale ndiye ali patsogolo pa mzerewo, amene sanafike ali m'mbuyo. Kodi ifenso sitimati amene anamwalira "anatsogola"? Kumapiri a Andes, ku Bolivia, Peru ndi Chile, kuli anthu otchedwa Aymara. Kwa iwo liwu loti nayra limatanthauza diso, kutsogolo, komanso kale, pamene qhipa ndi kumbuyo komanso zam'tsogolo. Mu 2006 akatswiri awiri, Rafael Núñez ndi Eve Sweetser, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti okalamba a kumeneko akamakamba zakale amaloza kutsogolo kwawo, akamakamba zimene zikubwera amaloza kumsana. Zimene zinachitika unaziona, zili pamaso pako. Zimene sizinachitike sungazione, zili kunkhongo. Ine ndikaganizira bwino ndimaona kuti atiposa pamenepa.

Chovuta chenicheni pa kumasulira mawa sindinachitchule. N'chakuti nthawi zambiri mawa satanthauza mawa. Tikamati "chaka cha mawa", "mwezi wa mawa", "sabata ya mawa", palibe amene akunena za tsiku lotsatira lero. Womasulira wongotsata liwu ndi liwu akalemba kuti the year of tomorrow, Mngerezi adzangoyang'ana kumwamba. Tikati "mwana wadzulodzulo uyu", sitikunena kuti anabadwa dzulo, tikumuchepsa. Ku Indonesia besok ndi mawa, koma amatha kulitambasula n'kutanthauza tsiku lina lililonse likubwera posachedwa, ndipo kemarin, dzulo, amatha kunena za masiku angapo apitawo. Ndipo pali mawa wina amene tonse timamudziwa, wa munthu wangongole. "Bwerani mawa." Mukapita, "mawa". Amene uja m'mtanthauziramawu mulibe, koma tanthauzo lake ndi "musandivutitse". Aroma akale mawa ankati cras, ndipo m'menemo ndi mmene Angerezi anatengamo procrastinate, kuzengereza, kukankhira zinthu ku mawa. Chifalansa, Chisipanishi ndi Chitaliyana zinamutaya cras uja n'kutenga liwu la m'mawa, koma pa chilumba cha Sardinia akumugwiritsabe ntchito mpaka lero.

N'chifukwa chake ndimawauza achinyamata amene amadalira makina omasulira a pa foni kuti azichenjera akamalemba liwu limodzi lokha. Mukalemba kal payekha, makinawo alibe pogwira, angosankha limodzi mwa awiriwo. Mukalemba mañana payekha, chimodzimodzi. Apatseni chiganizo chonse, mneni akhalemo, ndipo mukalandira yankho mufunsebe munthu wodziwa chinenerocho ngati nkhaniyo ndi ya chipatala, ya khoti kapena ya ulendo.

Mayi mwakweza dzanja, nenani.

(funso: Nanga munthu akandiimbira foni 1 koloko usiku n'kunena kuti tionana mawa, ndiye liti?)

Funso labwino kwambiri, ndipo limavutitsa anthu m'zinenero zambiri. Kalendala ndi wotchi zimati tsiku latsopano layamba 12 koloko usiku, ndiye kwa izo mawa wa munthuyo ndi tsiku linalo, pakadutsa usiku wina. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti akunena za kukacha komweku, patangotsala maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Pakamwa pa munthu, tsiku silisintha pakati pa usiku. Limasintha ukagona n'kudzuka, kunja kutayera. Liwu lija likukumbukirabe kumene linachokera, ku m'mawa. N'chifukwa chake pa tikiti ya ndege kapena ya basi yonyamuka 00:30 salembapo mawa, amalemba deti ndi nambala, komabe anthu ambiri afikapo pabwalo la ndege mochedwa ndi tsiku lathunthu pa chifukwa chomwechi. Ndiye mayi, akadzakuimbiraninso nthawi imeneyo, mudzangomufunsa kuti, "Mukunena kukachaku, kapena Lachisanu?"

Pali dzanja lina kumbuyoko. Bwerani pafupi achimwene, kuti tonse timve.