Chikhakha chachoka, nanga phazi likukaniranji kuponda?

Gwirani kakolo wanu. Mwamva timafupa tiwiri totumphuka, kena mkati, kena kunja? Kamkatiko ndi nsonga ya fupa lalikulu la msongolo, lomwe madokotala amati tibia. Kakunjako ndi nsonga ya fupa lowonda lotchedwa fibula. Lalikululo ndi limene limasenza pafupifupi thupi lonse. N'chifukwa chake anthu awiri amatha kuthyoka pa kakolo, wina n'kuyamba kuponda msanga, mnzake n'kutha miyezi ali pa ndodo, malinga ndi fupa lomwe lathyoka.

Ngati mafupa sanasunthe, chikhakha chimakwanira. Akasemphana, nthawi zambiri pamafunika opaleshoni yowagwirizira ndi kachitsulo ndi masikuluwu.

Pothyokapo pamayamba paundana magazi, kenako pamamera mnofu wofewa wolumikiza mbali ziwirizo, womwe umalimba pang'onopang'ono mpaka kusanduka fupa. Nthawi zambiri pamadutsa masabata 6 kuti ligwirane, ndipo tibia imatha kupitirira pamenepo. Osuta fodya, chonde ndimvereni: fodya amachepetsa njira za magazi, ndipo fupa lopanda magazi okwanira limachedwa kulumikizana, mwinanso osalumikizana n'komwe.

Muli m'chikhakhamo, gonani chagada n'kusanjikira mwendo pa mapilo kuti phazi likwere kuposa mtima. Zala zakuphazi muzizigwedeza pafupipafupi. Kukayabwa mkati, musalowetsemo waya kapena kamtengo. Chilonda cha mmenemo simuchiona mpaka chitanunkha. Koma ululu ukamakulirakulira ngakhale mwamwa mankhwala, zala zikachita dzanzi, zikazizira kapena kusintha mtundu, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzinso katumba akatupa n'kumapweteka, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kupweteka m'chifuwa, pakuti akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha.

Tsopano tsiku lochotsa chikhakha, lomwe ambiri amaliyembekezera ngati tsiku lochira. Mwendo umatuluka utaonda, katumba atafota, khungu likusupuka. Mukati muponde, chidendene chikukana kufika pansi. Ambiri amagwa mphwayi apa, kuganiza kuti china chake chalakwika. Ayi. Fupa lagwirana, koma minofu ndi mfundo zakhala masabata osagwira ntchito, ndiye zauma.

Apa ndi pamene mafizo, masewera ofewetsa mfundo ndi kulimbitsa minofu, amayambira, ndipo ine ndimaona kuti ndi gawo lomwe anthu amalinyozera kwambiri. Khalani pansi mutatambasula mwendo, kolekani thawulo kuphazi, n'kumalikokera kwa inu mofatsa mpaka mumve katumba akukokeka. Lembani zilembo m'malere ndi chala chachikulu chakuphazi, kuyambira A. Adokotala akakulolani kuponda ndi mphamvu zonse, yesani kuima ndi mwendo umodzi mutagwira khoma, chifukwa phazi limakhala litaiwala kudzichirikiza.

Madzulo kakolo azitupabe, makamaka tsiku lomwe mwayenda kwambiri, ndipo kwa ena zimenezi zimafika chaka. Mukavula sokosi n'kuona kuti yasiya mzere wakuya pakhungu, kwezaninso mwendo pa mapilo aja.