Wozembetsa anthu sabwera ndi chingwe: zomwe mipingo ya ku Mangochi iyenera kudziwa

(Chithunzi: nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi, mtsinje wa Shire kumbuyo)

Moni nonse amene mukuwonera. Ndaima pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi, ndipo madzi mukuwaona kumbuyo kwangawa ndi mtsinje wa Shire. Mbiri ya tawuni ino inayamba ndi linga lomwe atsamunda anamanga m'chaka cha 1891 n'kulitcha Fort Johnston, pofuna kutseka njira imene akapolo ankadutsa popita kunyanja ya mchere. Kusukulu tinaphunzira kuti malonda amenewo anatha kalekale. Lero ndikufuna kukuwonetsani kuti anthu akugulitsidwabe m'boma lino, ndipo ena mwa iwo timachita kuwatsanzika ndi pemphero m'matchalitchi mwathu. Muwonere mpaka kumapeto chifukwa nditchula manambala a foni ofunika kusunga, ndipo ngati ndinu mlendo pa tchanelo chino, dinani batani la subscribe kuti tiziyendera limodzi.

Tiyambe ndi tanthauzo, mwachidule. Kuzembetsa munthu, monga lamulo likunenera, kuli ndi mbali zitatu: munthu amalembedwa, kunyamulidwa kapena kusungidwa penapake, zimenezi zimachitika pomunamiza, pomuwopseza kapena popezerapo mwayi pa umphawi wake, ndipo cholinga chimakhala kumudyera masuku pamutu, kaya pomugwiritsa ntchito yakalavulagaga, kaya pomukakamiza uhule, kaya pomukwatitsa mokakamiza. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, sipafunikanso kuwonetsa kuti ananamizidwa kapena kuwopsezedwa, chifukwa kungomutenga ndi cholinga choterocho ndi mlandu kale. Dziko la Malawi lili ndi lamulo lake la 2015 lothana ndi mchitidwewu. Wozembetsa munthu wamkulu akhoza kukhala kundende zaka 14 popanda mwayi wolipira chindapusa, wozembetsa mwana zaka 21, ndipo pamene pali nkhanza zoonjezera chilango chimafika pa moyo wonse m'ndende. Mawu athu akuti kuzembetsa timatchuliranso aja amene amalipidwa kuti awolotse anthu malire mobisa. Awo ndi malonda ena, ngakhale kuti kawirikawiri ulendo umayamba motero n'kukathera mu ukapolo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kujambula vidiyoyi, ndipo ndikupemphani mundilole ndichedwepo. Pali chikhulupiriro chimene ndimachimva paliponse, pamaliro, pamsika ngakhale m'misonkhano ya mpingo, chakuti wozembetsa anthu ndi mlendo woyenda pa galimoto ya magalasi akuda amene amaba ana panjira. Chifukwa cha chikhulupiriro chimenechi timachenjeza ana athu za alendo okhaokha, ndipo tikamva kuti mtsikana uja ananyamuka yekha, atanyamula chikwama chake, amayi ake atamuperekeza kudepoti, timati ameneyo sanazembetsedwe, anafuna yekha. Abale ndi alongo, bodza limeneli ndi limene limateteza ozembetsa kuposa chilichonse, ndipo limandipweteka mtima ndikalimva m'kamwa mwa anthu owerenga Baibulo.

Tsegulani Genesis mutu 37. Yosefe sanabedwe ndi alendo. Anatumidwa ndi bambo ake kuti akaone abale ake kubusa, anapita ndi miyendo yake, ndipo amene anamugulitsa kwa Aismayeli ndi ndalama zasiliva 20 anali ana a bambo ake omwe. Atamaliza anabwerera kunyumba ndi mkanjo woviikidwa m'magazi ndiponso nkhani yokonza bwino, ndipo Yakobo anakhulupirira kwa zaka zambiri. Nkhani imeneyi timaiphunzitsa ana ku Sande sukulu chaka ndi chaka, koma tikatuluka panja timayang'anabe galimoto ya magalasi akuda.

Wozembetsa wa masiku ano amabwera masana, amakhala pamkeka, amalandira madzi akumwa, ndipo amatitchula kuti achimwene kapena achemwali. Nthawi zina ndi azakhali a mwanayo, nthawi zina ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo amene wabwera ku Joni ndi njinga yamoto ndi malata, nthawi zina ndi munthu amene timaimba naye kwaya. Sanena kuti ndikukagulitsa. Amati kuli ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe ndipo abwana ake amalipirira sukulu. Amati kuli ntchito ya mu shopu ku Johannesburg, thiransipoti udzabweza ukayamba kulandira. Amati kuli munda ku Mozambique, mudzawolokera pa Chiponde ndipo pakutha pa nyengo mudzabwera ndi ndalama zomangira nyumba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu akafika kumeneko foni imalandidwa, pasipoti imasungidwa ndi abwana, ndipo ngongole ya thiransipoti, ya chakudya ndi ya pogona imakula mwezi uliwonse kuposa malipiro. Chingwe chake ndi ngongoleyo, mantha oti amangidwa chifukwa alibe mapepala, ndi manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndekha, ndipo sinditchula dzina, mudzi kapena mpingo. Mtsikana wina wa mu mphakati wathu anasiyira sukulu Fomu 2 chifukwa cha fizi. Mayi wina wopemphera nafe anati mchemwali wake m'tawuni akufuna wothandiza pakhomo ndipo amubwezera kusukulu. Tinasangalala tonse. Tinamupempherera, tinamuimbira nyimbo, ndipo ine amene ndikulankhula pano ndinasonkha nawo ndalama yoti akagule sopo ndi mafuta odzola. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa dzina la sukuluyo, kapena nambala ya foni ya mwini nyumbayo. Patapita miyezi ingapo foni ya mwanayo inasiya kupezeka, ndipo amayi ake akafunsa ankayankhidwa kuti watanganidwa ndi maphunziro. Anabwera patatha pafupifupi chaka, atawonda, atanyamula jumbo yakuda yokhala ndi zovala ziwiri, ndipo zinadziwika kuti nthawi yonseyo ankagulitsa mowa m'bala ndi kugona m'kachipinda kakuseri komwe mwini bala ankatumizako amuna. Mawu oyamba amene ndinamva kwa anthu ena anali akuti, "Koma si anapita yekha?"

Inde anapita yekha, koma anavomera sukulu, sanavomere bala. Lamulo la 2015 likunena momveka kuti kuvomera kwa munthu amene wanamizidwa sikuchotsa mlandu wa wozembetsayo. Sipafunikanso kuti munthu awoloke malire a dziko. Mnyamata wotengedwa ku Namwera kukagwira ntchito yosalipidwa ku esiteti ya fodya, kapena mwana wochotsedwa kusukulu kuti azikoka makoka padoko usiku wonse wina n'kumalandira ndalama zake, ali m'vuto lomwelo. Ndipo amene amati zimenezi zimagwera osaphunzira okha akumbukire nkhani imene BBC inaulutsa mu 2024 ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapezeka ali mu ukapolo wa ntchito za m'nyumba ku Oman. Amayi amenewo anali ndi mapasipoti enieni, anakwera ndege masana, ndipo ena anali ndi mabizinesi awo kuno asananyamuke. Kumeneko anakumana ndi dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira wantchito kwa bwana wake, moti kuchoka pakhomopo popanda chilolezo kumakhala kovuta kwambiri. Anathandizana kudzera pa gulu la WhatsApp mpaka ambiri anabwezedwa kwathu.

Ngati mwafika pano mukuwonera, lembani m'munsimu ngati bodza la galimoto ya magalasi akudali munalimvapo kwanuko, koma chonde musatchule dzina la munthu aliyense wokhudzidwa. Tumizaninso vidiyoyi ku gulu la WhatsApp la mpingo wanu.

(Chithunzi: m'kati mwa tchalitchi, mabenchi opanda anthu)

Nanga mpingo uchite chiyani? Choyamba, tisanapempherere ulendo wa munthu tizifunsa mafunso, ndipo kufunsa kumeneku si kusowa chikhulupiriro. Kodi bwanayo dzina lake ndani, ndipo akukhala kuti kwenikweni? Kodi mgwirizano wa ntchito walembedwa, ndipo wopitayo wauwerenga m'chilankhulo chimene akumva? Ndani akulipira ulendo, ndipo ngongoleyo ndi yochuluka bwanji, idzatha liti? Pasipoti azisunga ndani? Ngati ntchitoyo ndi ya kunja kwa dziko, pitani ku ofesi ya zantchito pa boma mukafunse ngati wolemba anthuyo akudziwika. Munthu wachilungamo sakwiya ndi mafunso otere, pamene wachinyengo amayamba kukufulumizitsani kuti malo atsala amodzi, ndiponso kukuuzani kuti musauze anthu kuopa nsanje ndi ufiti. Mukamva mawu akuti musauze aliyense, pomwepo uzani munthu. Wopitayo asiye kunyumba fotokope ya pasipoti ndi chitupa chake, aloweze pamtima manambala awiri a abale, ndipo mugwirizane mawu achinsinsi amene akawatchula pa foni mudziwe kuti zinthu sizili bwino.

Chachiwiri, nkhaniyi izimveka paguwa. Pa 30 Julayi dziko lonse limakumbukira tsiku lolimbana ndi kuzembetsa anthu, ndipo pa 8 Febuluwale Akatolika amakumbukira Josephine Bakhita Woyera, amene anabedwa ali mwana ku Darfur m'dziko la Sudan, anagulitsidwa kangapo, ndipo pambuyo pake anakhala sisitere ku Italy komwe anamwalira mu 1947. Masiku awiriwa ndi okwanira poyambira. Popeza anansi athu ambiri kuno ku Mangochi ndi Asilamu, ndipo wozembetsa safunsa chipembedzo, msonkhano wa nkhaniyi uzikhala ndi mashehe komanso mafumu.

Chachitatu ndi chimene timalephera kwambiri, ndicho kulandira amene wabwerako. Mtsikana ndakuuzani uja anabwera kutchalitchi masabata awiri okha. Ankakhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, atafunda chitenje kumutu, ndipo ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Kenako anasiya, chifukwa ankamva manong'onong'o, ndipo ena anafika pofunsa ngati sakuyenera kuyamba waitanidwa kubwalo la mpingo asanayandikire mgonero. Ndikunena mosabisa kuti kuweruza munthu wotere ndi kumulakwira kachiwiri. Lamulo la dziko lomwe limati munthu amene watsimikizidwa kuti anazembetsedwa asaimbidwe mlandu pa zinthu zimene zinachitika chifukwa cha kuzembetsedwako, ndiye mpingo usakhale wouma mtima kuposa khoti.

Pa Marko 5:41 Yesu anagwira dzanja la mtsikana n'kunena kuti Talita kumi, kutanthauza kuti mtsikana iwe, dzuka, ndipo masisitere achikatolika amene anayambitsa mgwirizano wa padziko lonse wolimbana ndi mchitidwewu mu 2009 anatenga dzina lawo, Talitha Kum, pa mawu omwewo. Koma werengani mpaka ndime 43. Yesu analamula zinthu ziwiri, kuti nkhaniyo isafalitsidwe, ndi kuti mwanayo apatsidwe chakudya. Choncho musamuimike kutsogolo kuti achitire umboni, musamujambule n'kuika pa Facebook ngakhale cholinga chitakhala kupempha thandizo, ndipo musatchule dzina lake m'mapemphero a pagulu popanda iye kulola. Musamukakamize kufotokoza zonse tsiku limodzi, ndipo musamufulumizitse kukhululuka ngati kuti kukhululuka kukutanthauza kutseka mlandu. Amayi a Mvano, a Dorika, a Mothers' Union ndi Amayi Achikatolika, apa ndi panu: sankhani mayi mmodzi kapena awiri osunga chinsinsi amene azimuyendera, kumuperekeza kuchipatala ndi kumufunsa chimene iye akufuna. Ngati wagwiriridwa posachedwa, afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Ndipo kumbukirani kuti chimene chinamuchotsa pakhomo ndi fizi, njala kapena ngongole. Ngati zimenezo zikadalipo, wina adzabweranso ndi lonjezo latsopano. Thumba la zachifundo la mpingo likhoza kulipira fizi ya teremu, kapena kumupatsa mpamba wa geni ya usipa. Anyamata obwera kuchokera ku Joni opanda kanthu nawonso musawaseke, chifukwa ambiri amabisa zimene anakumana nazo poopa kutchedwa olephera.

Chachinayi, nkhani ya kuzembetsa munthu siyokambirana m'chipinda cha akulu a mpingo n'kuthera pa kupepesana, ngakhale wochitayo atakhala wopereka chakhumi chambiri kapena wachibale wa abusa. Ndi mlandu wa kupolisi. Musapitenso nokha kukalanda munthu kwa ozembetsa, chifukwa mukhoza kuika moyo wake ndi wanu pachiswe. Sungani mauthenga a pa foni, manambala amene ankaimbira ndi malisiti a ndalama zimene zinatumizidwa, ndipo mupite nazo ku ofesi ya Victim Support Unit pa polisi yapafupi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma.

(Manambala aoneke pa sikirini)

Manambala ndinalonjeza aja ndi awa, ndipo tengani foni muwasunge pompano. Pa nkhani yokhudza mwana imbani 116. Pa nkhanza zochitikira amayi ndi atsikana imbani 5600. Manambala awiriwa ndi aulere. Apolisi mumawapeza pa 997. Alembi a mipingo, alembeni pa pepala lalikulu ndipo mulimate pakhomo la tchalitchi pomwe pamakhala zolengeza, komanso kuseri kwa chitseko cha chimbudzi cha amayi, kumene munthu angathe kuwakopera popanda womuona. Mu vidiyo yotsatira tidzakhala kumadoko a ku Monkey Bay ndi Makanjira, kukamba za ana ogwira ntchito m'mabwato ndi zimene makomiti a m'mphepete mwa nyanja angachite, ndiye dinani kabelu kali m'munsimu kuti ikadzatuluka mudzadziwe.