Ngongole zakufikani m'khosi: mubweze kapena mupite kukhoti?

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili ku Senga Bay kuno ku Salima, ndipo funso ndi ili: ngongole zikachuluka, munthu alimbane nazo kubweza, kapena apemphe khoti limulengeze kuti walephera, zija maloya amati bankruptcy?

Njira yakukhotiyi ilipodi. Lamulo lake ndi Insolvency Act la 2016, ndipo nkhani zake zimakambidwa ku High Court. Kwa ife kuno ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe, kuphatikizapo ndalama za loya. Khoti likagamula, katundu wanu amachoka m'manja mwanu, amasankhidwa munthu woti amugulitse n'kugawira onse amene muli nawo ngongole. Injini ya boti ngati munaiika chikole kubanki, imapitabe basi. Komanso mpaka khoti litakumasulani, simungakhale dayilekitala wa kampani, ndipo gawo 51 la malamulo oyendetsera dziko lino limakuletsani kuimira uphungu wa Nyumba ya Malamulo. Amene mumalota za mpando, mwamvatu.

Koma tiyeni tinene zoona. Ngongole za ambiri a ife, ogula usipa padoko pano kapena alimi a mpunga ku Lifuwu, n'za banki mkhonde, za katapila, za m'bale. Amayi a pagulu aja mukumana nawo mawa pamaliro, mkuja kuchigayo. Pepala la khoti simungawaonetse n'kuyembekeza kuti moni apitiriza kukupatsani. Ndalama mwadyazo n'zawo zomwe, za fizi ya ana awo.

Ndiye ine ndikuti pitani nokha, asanakutumireni uthenga. Tengani kope, lembani aliyense, ndalama zake, chiwongoladzanja chake ndi chimene munaika chikole. Muwauze mosabisa kuti mwera wavuta, kunyanja sikukupitika, ndizipereka zakutizakuti pa sabata, ndipo zilembedwe pamaso pa mboni. Kubanki nakonso amamva munthu wobwera yekha kudzapempha nthawi. Mukangozima foni, dzina lanu limakaipa ku credit reference bureau, bungwe losunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole, ndipo mabanki ena onse amaliona.

Katapila ndi nkhani ina. Wina akukuuzani kuti K100,000 ibwere K150,000 pakutha pa mwezi, kenaka chiwongoladzanja chiberekenso chinzake. Dziwani kuti pali lamulo la Loans Recovery Act, lomwe limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chankhanza n'kuchitsitsa. Chachikulu, musakatenge katapila kuti mutseke banki mkhonde.

Nanga bankruptcy ndi ya ndani? Tiyerekeze munthu wa bizinesi yaikulu amene anatenga katundu wakunja pangongole, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu November 2023, pano mabanki angapo ali pamsana pake, masherifi afika kale pageti, ndipo ngakhale atagulitsa zonse sizingakwane. Ameneyo akaonane ndi loya sabata yomwe ino, ndipo afunsenso za mgwirizano wobweza pang'onopang'ono umene lamulo lomwelo la 2016 limalola.