Matemba a ku Chilwa amayambira kuphiri

Zikomo a Gulupu pondipatsa mpata. Mafumu nonse, amayi ndi abambo, ndakulonjerani. Achinyamata muli kumbuyoko, senderani pafupi timvane bwino, chifukwa nkhaniyi ikukhudza inuyo kuposa ife.

Mtsinje wathu wa Likangala umachokera kuphiri la Zomba, umadutsa m'tauni, umafika kwathu kuno, kenako n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe nayonso imakathira komweko. Koma Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi monga amachitira Shire ku nyanja ya Malawi. Dothi, mchenga, chilichonse chimene chalowa, chimakhala momwemo. Komanso nyanjayo ndi yosaya kale, mwaonapo asodzi akuyendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi.

Agogo athu ali panowa akukumbuka kuti nyanja inaphwa mu 1968. Inaphwanso mu 1995. Mu 2018 ambirife tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pamatope padoko la Kachulu. Ndikudziwa wina anena kuti, "Alangizi, Chilwa anayamba kale kuphwa, imeneyo ndi nkhani ya mvula." Zoona, mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanja imaphwa, sindikukana. Koma tandiyankheni ichi: n'chifukwa chiyani timitsinje tathu timasefukira ndi madzi ofiira mu Januwale, pofika Seputembala n'kukhala mchenga wokhawokha, chikhalirecho kale amayi ankachapa m'menemo mpaka mvula ina?

Pamene pali nkhalango, dontho la mvula limayamba lamenya masamba, n'kugwera pazinyalala zowolerana, n'kulowa pansi pang'onopang'ono. Madzi olowa pansiwo ndi amene amatuluka pa kasupe m'chilimwe, ndi omwewonso timapopa pa mjigo. Tikadula mitengo n'kukweza minda m'phiri, mvula imagwa padothi lambee, ilibe nthawi yolowa, imangothamanga itanyamula nthaka yapamwamba. Amene walima kumtundako wataya chonde pamodzi ndi feteleza amene anagula movutikira. Wa kusikimu ya mpunga akupeza ngalande zitadzaza mchenga. Otsala matope aja ulendo wa kunyanja.

Kunyanjako nakonso tikudula nthambi imene takhalira. Njedza ndi mabango a m'mbali muja si tchire lachabe ayi. Ndimo mmene mumaswera ndi kubisala matemba, makumba ndi mlamba, ndimonso mmene matope amasefedwa madzi asanalowe m'nyanja. Mbalame za m'madzi zimaikira mazira momwemo, ndipo kuchuluka kwa mbalamezo kunathandiza kuti mu 1997 Chilwa alembedwe pa mgwirizano wa Ramsar ngati dambo lofunika padziko lonse, loyamba m'Malawi muno. Tikatentha mabango kuti titsegule munda, mpunga tikolola ndithu chaka chimenecho. Nanga msodzi wa pachilumba cha Chisi? Nanga mayi woyanika matemba, mnyamata wa njinga wopita nawo kumsika, agogo oluka mphasa? Onsewa ndalama yawo ili m'mabangomo, ngakhale palibe anawafunsa tsiku loyatsa moto.

Za makala ndilankhule mosamala, chifukwa ena mwa inu ndiye ntchito yanu, ndipo sindinabwere kudzanyoza munthu. Thumba limodzi limalipira fizi, limagula mchere ndi sopo, ndipo ogulawo ndi anthu a m'tauni amene magetsi akuwavuta kapena kuwakwerera mtengo. Chimandipweteka mtima n'chakuti mtengo wa msuku umene ukanatipatsa masuku chaka ndi chaka, pansi pake n'kumera bowa, maluwa ake njuchi n'kupangira uchi, timaugulitsa kamodzi kokha, ndalama yake n'kutha sabata isanathe. Amayi ndinu mboni, nkhuni mumakazitola kuti masiku ano? Mumanyamuka nthawi yanji?

Ndiye pali moyo wa anthu. Napolo wa ku Phalombe mu 1991 sitinamuiwale. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ambiri chifukwa cha matope ndi miyala yotsika m'mapiri monga la Soche ku Blantyre. Mvula yotero ikanawononga ndithu ngakhale mitengo ikanakhalapo, koma phiri lopanda mizu yogwira nthaka limagumuka msanga.

Zoti tichite zilipo, ndipo zambiri sizilira ndalama. Zitsa zimene zikuphukira m'munda tisazitenthe. Tisiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo tidulire, mtengo ukula msanga kuposa wa kunazale popeza mizu ilipo kale. Msangu tiusiye m'munda, umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo chimanga chimakondwa pansi pake. Pamalo otsetsereka tikonze akalozera, tibzale vetiva, timange ngonyeka. M'mphepete mwa mtsinje khasu lisafike pagombe penipeni, pakhale nsungwi ndi mabango. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mudzi kukhala ndi nkhalango yakeyake, komiti yake ndi malamulo ake, mogwirizana ndi mfumu.

Pempho langa kwa inu a Gulupu ndi lakuti mutipatse tsiku tiyende limodzi m'mbali mwa mtsinjewu kuchokera pamlatho mpaka kumalire a mudzi, eni minda alipo, tigwirizane polekezera khasu mvula isanagwe. Tsopano mafunso. Tiyambire mbali ya amayi.