Gwedezani phulusa, mbaula ipume

Mwauka bwanji abale ndi alongo. 2 Timoteo 1:6, ukoleze mphatso ya Mulungu ili mwa iwe.

Kolezani moto lero, musadikire kuti mtima uyambe wafuna.

Mlungu uno ndalema mkati. Lendi ikudikira, kuntchito sizikuyenda, ndipo kamawu kena kakhala kakundinong'oneza kuti ndingopumako kupemphera, ndikhale ngati wina aliyense.

Koma taonani mbaula m'mawa wa June kuno ku Chawama. Palibe amaithira madzi. Mukangoisiya, imazizira yokha mpaka ifanane ndi simenti imene yakhalapo. Kutentha kumachoka potentha kupita pozizira kufikira kusiyana kutatha, ndipo zikafanana palibenso chimayenda. Otsala ndi phulusa.

Mu 1900 Henri Bénard wa ku France anatenthetsa mafuta ochepa kuchokera pansi, nawaona akudziyala okha m'timagawo ta mbali 6, otentha akukwera, ozizira akutsika. Ilya Prigogine wa ku Brussels analandira mphoto ya Nobel mu 1977 atafotokoza kuti dongosolo lotere limakhalapo pokhapokha kutentha kukulowa ndi kutuluka osaleka. Moto ukazima, nalonso limatha. Thupi lanuli lili pa madigiri 37 chifukwa mukudya ndi kupuma. Tsiku limene lidzafanane ndi mpweya wa m'chipinda, anthu adzakhala akulira maliro.

Nanga bwanji mzimu wokha tikufuna ufanane ndi dziko? Ena timati tili pamtendere, pamene tangozizira. Pepani amayi, pepani abambo, ndikunena chifukwa ndimakukondani, ndipo kuzizirako ndikukumva m'mafupa anga omwe.

Mbaula ili ndi zibowo dala. Phulusa likatseka zibowozo, ngakhale muunjike malasha a thumba lonse, mungokolola utsi. Mumaigwedeza, phulusa ligwe, mutenge kachidutswa ka katoni mukupize mpaka khala limodzi lifiire. Limodzi lokha, enawo agwirira pomwepo. Gwedezani nkhawa zija pamaso pa Ambuye, mpweya ulowe. Ndipo kutenthako sikosunga, kuyenera kutuluka kukafika pa poto, kwa mwana wozizidwa, kwa neba wobwera kudzapala moto.

Amene mwauka otentha lero, muimbireni mlongo uja wasowa kumapemphero. Inenso mundikumbukire mukamagwada, lendi ija isanditsekere zibowo.